Mohenjo-daro: mzinda wa ngalande, nanga mfumu yake ili kuti?

Nangozo:
Abale ndithandizeni. Tikamakamba za anthu akalekale aliyense amathamangira ku Egypt ndi mapiramidi ake, wina Babulo poti ali m'Baibulo, koma kuli mzinda wina ku Pakistan dzina lake Mohenjo-daro akuti zaka 4,500 zapitazo nyumba zambiri zinali ndi bafa lakelake ndipo madzi osambira amatuluka kudzera mu ngalande zovundikira pamwamba. Nde chandizunguza mutu nchoti akuti mpaka lero sanapezeko nyumba ya mfumu olo manda a mfumu. Zingatheke zimenezi? Ankalamula ndani kuti ngalandezo zikumbidwe?

Wa ku Joni:
kkkkk achemwali musamangomeza chilichonse cha pa intaneti. Mzinda wopanda mfumu unayamba wakhalako kuti? Mfumu inalipo, kungoti sanaifukule basi

Aphunzitsi Opuma:
Mayi Nangozo zimene mwamvazo si bodza ayi. Koma tisanafike pa mfumu tiyambe taona mmene chigawo chonse cha South Asia chinakhalira, apo ayi nkhani yonse siimveka. Kumpoto kuli mapiri a Himalaya ndi Karakoram, chakumadzulo kwake Hindu Kush, kummwera nyanja mbali zonse. Mtsinje wa Indus umayambira ku Tibet kufupi ndi phiri la Kailash, nkuyenda makilomita opitirira 3,000 mpaka kukathira m'nyanja ya Arabia. M'njiramo umalandira madzi a mitsinje isanu ya ku Punjab, ndiyo Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Mzinda wina wa anthu omwewa, Harappa, unali m'mbali mwa Ravi, Mohenjo-daro kumunsi ku Sindh pa Indus weniweniyo. Tsono Sindh ndi dziko louma zedi, mvula ya chaka chonse siifika ndi mamilimita 200 omwe, ndipo kutentha kwake, mu May 2010 pa Mohenjo-daro pomwepo anayeza madigiri 53.5. Ukamva choncho umadabwa kuti anthu 30,000 kapena 40,000 ankadya chiyani pamalo otero. Ankadya za mtsinje. Madzi ake sadalira mvula ya pamalopo, amachokera kumapiri kutali uko.

Kamnyamata ka Geo:
Ndiwonjezereko pang'ono Aphunzitsi. Kumeneko chaka chimayendera mphepo ya monsoon, imachokera kunyanja kuyambira June mpaka September itasenza mvula, ikagunda mapiri imakhuthula yonse. Nthawi yomweyonso madzi oundana a m'mapiri akusungunuka ndi kutentha, nde zonse ziwiri zimakumana mu Indus, mtsinje nkusefukira kutaya matope mbali zonse. Madzi akaphwa cha mu October November anthu amabzala tirigu ndi balere pa chinyezi chomwecho nkudzakolola March April. Komanso monsoon yo siigawa mofanana ayi, kummawa ku Mawsynram imagwa yopitirira mamilimita 11,000 pa chaka pomwe kumadzulo kuli chipululu cha Thar chouma gwaa. Chigawo chimodzi chomwecho

Mbuya wa ku Chigwa:
Zimenezo nde ife a kuno ku Chigwa sitingadabwe nazo. Shire akasefukira nkubwerera timabzala chimanga ndi mbatata m'madimba pa chinyontho chomwecho feteleza osathira. Koma chaka chimene wakwiya amatenga ndi nyumba zomwe. Nde ndifunse, iwowo ankatani kuti mzinda onse usakokoloke?

Aphunzitsi Opuma:
Mbuya, anaukweza. Asanamange nyumba anayamba aunjika njerwa zosawotcha ndi dothi kupanga chitunda chachikulu, kenako mzinda pamwamba pake. Mbali ya kumadzulo ya Mohenjo-daro yomwe kuli nyumba zikuluzikulu inakwera pafupifupi mamita 12. Ndipo nyumba ikagwa kapena ikakalamba ankangosalaza nkumanganso pamwamba pomwepo, mzinda nkumakwererakwerera. Ndiye mukaona zithunzi za lero mupeza zinthu zozungulira zazitali zitaima pakati pa mabwinja, anthu amaziyesa nsanja, pomwe ndi zitsime, ofukula anachotsa dothi lozungulira nkutsala khoma la chitsime lokha. Zitsime zimenezo akuti mumzinda monse zinalipo pafupifupi 700.

Bilida wa pa 25:
Ine pa nkhani ya njerwa nde mwandipeza. Ndinaziwerengapo izi, njerwa zawo zinali za muyezo umodzi, kukhuthala 1, mulifupi 2, mulitali 4. Za nyumba masentimita 7 kwa 14 kwa 28, za mpanda wa mzinda 10 kwa 20 kwa 40. Aliyense wogwira chipande akuuzani kuti muyezo umenewo si wamwayi, njerwa ikakhala kuti mulitali mwake ndi kawiri mulifupi mwake imalukana bwino pa kona, khoma siling'ambika chisawawa. Nde chodabwitsa chake chikombole chimenecho chikupezeka ku Harappa, ku Mohenjo-daro, mpaka ku Lothal ku Gujarat m'dziko la India, mitunda ya makilomita mahandiredi mahandiredi. Za zitsime ankaumba zina zapadera zosongoka mbali imodzi kuti zikamazungulira zizigwirana zokha dothi likamakankha

Wa ku Joni:
Eyaa mwanditsimikizira nokha man. Chikombole chimodzi dziko lonse, nde mukuti panalibe wolamula? Anthu osawaopseza sangagwirizane choncho, ndikukana ine

Nangozo:
Achimwene dikirani kaye timve za ngalandezo, ine nzimene ndabwerera kkk

Bilida wa pa 25:
Mayi, zinali chonchi. Bafa limakhala kachipinda kakang'ono chakumsewu, pansi pake njerwa zowotcha zoyalidwa mothinana kwambiri kuti madzi asalowe pansi, komanso popendekeka pang'ono kuti madzi azitsetserekera pa kona. Pa konapo kabowo kodutsa khoma, madzi nkugwera mu ngalande ya mumsewu kapena mu mtsuko waukulu wokwiriridwa pansi. Nyumba zina zosanja zinali ndi mapaipi adothi owotcha omangidwira mkati mwa khoma. Ngalande ya mumsewu pamwamba amavundikira ndi njerwa kapena miyala yoti utha kutsegula nkuchotsa zinyalala, ndipo m'malo mwina munali maenje oti matope azitsalira mmenemo madzi okha nkumapitirira. Tanthauzo lake panali anthu amene ntchito yawo inali yokawola maenje amenewo, chifukwa ngalande yosawola miyezi iwiri yatseka basi. Kumanga nkosavuta, kusamala nde nkhani

Aphunzitsi Opuma:
Mawu omalizawo a Bilida ndi pamene pagona nkhani. Mizinda imeneyi inali pachimake kuyambira cha m'ma 2600 mpaka 1900 BC, zaka 700, ndipo nthawi yaitali ya zakazo ngalande zinkawoledwa. Choncho dongosolo linalipo, palibe akutsutsa. Chimene chikusowa ndi nkhope ya munthu mmodzi. Ku Egypt Farao anadzijambulitsa paliponse, ku Mesopotamia (Iraq wa lero) mafumu analemba maina awo pa njerwa zenizenizo, anadzitama za nkhondo zimene anapambana. Ku Indus kulibe chithunzi cha mfumu ikuponda adani, kulibe chithunzi cha nkhondo nchimodzi chomwe, kulibe kachisi wamkulu woti aliyense angavomereze kuti uyu ndi kachisi. Manda amene anafukula ku Harappa ndi wamba, munthu wagonekedwa mutu kumpoto, miphika ingapo, zibangiri za zigoba za m'nyanja, mwina kalilole wa mkuwa, basi. Chomangidwa chotchuka kwambiri pa chitunda cha Mohenjo-daro si nyumba yachifumu koma dziwe losambiramo, mamita 12 mulitali, 7 mulifupi, kuya pafupifupi 2.4, masitepe mbali ziwiri, ndipo kuseri kwa njerwa anamatako phula kuti lisamadonthe. Ambiri amaganiza kuti linali la miyambo yodziyeretsa.

Wa ku Joni:
Nanga chosema chija cha mdala wa ndevu wovala nsalu paphewa limodzi? Ndachiona pa Google pompano, akuchitchula kuti Priest-King. King Aphunzitsi, king kkkk

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga taonaninso kukula kwake. Ndi masentimita 17.5, chokwana m'dzanja. Dzinalo anachipatsa ndi ofukula a m'zaka za m'ma 1900 amene mitu yawo inali itadzaza ndi za Mesopotamia, palibe cholembedwa pa chosemacho chonena kuti uyu ndi mfumu kapena wansembe. Chimodzimodzi nyumba ina imene wofukula wa ku Britain Mortimer Wheeler anaitcha nkhokwe yaikulu, mbewu sanazipezemo. Maina amenewa anangokakamira. Panopa akatswiri anagawikana, ena amati linali boma limodzi, ena amati mizinda ikuluikulu isanu, Harappa, Mohenjo-daro, Dholavira, Rakhigarhi ndi Ganweriwala, uliwonse unkadzilamulira wokha ndi magulu a anthu amalonda, eni minda ndi akuluakulu a miyambo. Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa. Chifukwa changa nchakuti Harappa yemweyo sanali mzinda wa mpanda umodzi, anali zitunda zingapo chilichonse ndi mpanda wake ndi chipata chake. Zikuoneka ngati magulu angapo amphamvu okhala moyandikana, oyang'anana, osati munthu mmodzi pamwamba pa onse.

Mai a Mapasa:
Ine ngati wa geni ndikuona kuti a ku Joni akuphonya apa. Zinthu zofanana sizifuna mfumu nthawi zonse, zimafuna msika. Ngati ndikugula kwa iwe ndipo sikelo yako ndi yanga zikusiyana sitigulitsana, mawa lomwe tigwirizana tokha. Kodi anali ndi masikelo?

Kamnyamata ka Geo:
Anali nawo Mai, ndipo ndi ena mwa zinthu zodabwitsa kwambiri. Timiyala tosemedwa mwa makona anayi tosalala bwino, kulemera kwake kumapita 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64 kenako nkuyamba kukwera mwa makumi ndi mahandiredi. Kofala kwambiri ndi ka 16 kaja, kamalemera pafupifupi magalamu 13.7, ndipo kaya mukapeze ku Punjab kaya ku Gujarat nkofanana. Ku Harappa tambiri anatipeza pafupi ndi zipata, nde ena amati mwina pamenepo ankadulitsa msonkho katundu akamalowa

Wa ku Joni:
Msonkho!! nde amatolera ndani, mizimu? kkkk

Nangozo:
Koma inu, msonkho ungatoleredwe ndi bwalo la akuluakulu osakhala mfumu imodzi. Komanso musaiwale a Bilida anena kuti ngalande imafuna kuwola. Ine ndikuona ngati anthu okhala pamalo poti chaka chilichonse madzi akubwera amakakamizika kumvana olo asakondane, chitunda chija munthu mmodzi sangaunjike. Koma Aphunzitsi musatipangitse kuganiza kuti kunali ku paradaiso, kunalibe olemera ndi osauka?

Aphunzitsi Opuma:
Analipo mayi. Nyumba zina zinali za zipinda zambiri, bwalo pakati, chitsime chakechake, zina kachipinda kamodzi kapena tiwiri. Wina ankavala mikanda ya golide wina yadothi yopakidwa utoto kuti izioneka ngati yodula. Ndipo mafupa a ku Harappa atawayezanso zaka zaposachedwa anapeza zigaza zina zili ndi mabala omenyedwa, ena anali ndi khate ndi TB, makamaka a nthawi yakumapeto. Nkhanza zinalipo. Chimene sichikuoneka ndi kutamanda nkhondo kapena kutamanda munthu mmodzi.

Kamnyamata ka Geo:
Chinanso tisamangoti Indus Indus ngati zonse zinali pa mtsinje umodzi. Malo amene anapezeka ndi opitirira 1,000 ndipo ambiri ali m'mbali mwa mtsinje wina umene pano unauma, Ghaggar-Hakra. Ndiye kuli Dholavira, ine ndimaikonda kuposa Mohenjo-daro. Ili pa kachilumba ka Khadir pakati pa dambo la mchere la Kutch ku Gujarat, kulibe mtsinje waukulu, kuli timitsinje tiwiri toyenda nthawi ya mvula yokha. Anthu aja anatchinga timitsinjeto nkupatutsira madzi m'madamu pafupifupi 16 ozungulira mzinda, ena ogobedwa mu thanthwe lenileni, masitepe otsikira mpaka pansi. Kumeneko anamangira miyala kwambiri osati njerwa zowotcha poti miyala nde inalipo. UNESCO inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa mu 2021. Nde muone, ku Sindh vuto linali madzi ochuluka, ku Kutch madzi osowa, koma masikelo ndi zidindo zofanana

Mbuya wa ku Chigwa:
Zidindo zake ziti mwana wanga

Kamnyamata ka Geo:
Timiyala tofewa ta makona anayi Mbuya, kukula ngati masentimita 2 kapena 3, pamwamba kanyama ndi tizilembo. Amadinda pa dongo lomata katundu. Nyama zake ng'ombe yamphongo ya linunda, njovu, chipembere, njati, kambuku, koma yofala kuposa zonse ndi ina yooneka ndi nyanga imodzi. Zilembozo nde mutu waukulu, mpaka lero palibe waziwerenga. Zilipo mitundu pafupifupi 400, koma cholembedwa chimodzi chimangokhala ndi zizindikiro ngati 5 basi, chachifupi kwambiri. Za ku Egypt katswiri wa ku France Champollion anaziwerenga mu 1822 chifukwa mwala wa Rosetta unali ndi Chigiriki pambali, kuno chotero sichinapezeke. Asko Parpola wa ku Finland ndi malemu Iravatham Mahadevan amati chinali chilankhulo cha banja la Dravidian, abale ake a Tamil, ena mu 2004 anatsutsa kuti si zilembo za chilankhulo nkomwe koma zizindikiro chabe. Mu January 2025 nduna yaikulu ya Tamil Nadu ya nthawiyo M. K. Stalin analonjeza madola 1 miliyoni kwa amene angaziwerenge

Wa ku Joni:
Aaa nde mumanena mochedwa bwanji, ndisiye ganyu ndiyambe zimenezi kkkkk. Tsiku lomwe ndidzawerenge mudzamva dzina la mfumu muli chete

Mai a Mapasa:
kkkk mudzatigawireko. Koma Aphunzitsi katundu odindidwayo amapita kuti? Ine za malondazo nde zandikoka

Aphunzitsi Opuma:
Amapita kutali mayi. Malemba a ku Mesopotamia, amene timatha kuwawerenga, amatchula dziko lotchedwa Meluhha, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti ndi Indus. Mfumu Sargon ya ku Akkad cha m'ma 2300 BC inadzitama kuti zombo za ku Meluhha, Magan ndi Dilmun zinkakocheza pa doko lake. Magan ndi dera la Oman, kumene kunkachokera mkuwa, Dilmun ndi Bahrain. Kuli ngakhale chidindo cha munthu wina wa ku Mesopotamia dzina lake Shu-ilishu cholembedwa kuti anali womasulira chilankhulo cha Meluhha, ndiye kuti amalondawo ankafika okha, nkumafunika wotanthauzira. M'manda a mafumu a mzinda wa Ur ku Mesopotamia komweko anapezamo mikanda yaitali yofiira ya mwala wa carnelian yopangidwa ndi amisiri a Indus. Mkanda umodzi wotero ena amafika masentimita 12, ndipo kuuboola kuchokera mbali zonse ziwiri kuti mabowo akakumane pakati, mwala wolimba chonchija, inali ntchito ya masiku ambiri. Kumpoto nako anakakhazikitsa kamudzi ku Shortughai ku Afghanistan, kufupi ndi migodi ya mwala wobiriwira ngati thambo wa lapis lazuli ku Badakhshan. Chigwa cha Indus chili ndi dothi ndi madzi koma miyala ndi zitsulo mulibe, zonsezo zinkachokera kumapiri ndi kunyanja pa ngolo za ng'ombe ndi mabwato. Tingolo tadothi toseweretsa ana anatipeza tambirimbiri.

Mai a Mapasa:
Nde mukundiuza kuti anthu amenewa malonda anayamba kale eti. Ife nandolo wathuyu chaka ndi chaka timangomva kuti mtengo wadalira ku India

Kamnyamata ka Geo:
Ndipo Mai nandoloyo kwawo ndi komweko, anayamba kulimidwa ku India zaka zoposa 3,000 zapitazo kenako nkufika kuno. Chitowe nachonso, a Harappa ankalima. Ng'ombe zathu za linunda makolo ake anawetedwa koyamba ku dera la Indus lomwelo, zinadzafika mu Africa pambuyo pake. Koma sizinali zongolandira ayi, mapira, mchewere ndi khobwe ndi mbewu za mu Africa muno, ndipo zikupezeka m'mabwinja a ku India za pakati pa 2000 ndi 1500 BC. Zinawoloka nyanja kalekale anthu asanayambe kulemba za ulendo umenewo

Mbuya wa ku Chigwa:
Mapira athu omwewa? Koma ziliko. Nanga iwo asanamange mizindayo anali kuti, anangotulukira?

Aphunzitsi Opuma:
Ayi Mbuya, muzu wake ndi wautali. Kumadzulo ku Balochistan, pamunsi pa mpata wa Bolan pomwe njira yochokera kumapiri imatsikira m'chigwa, kuli malo otchedwa Mehrgarh amene gulu la Jean-François Jarrige linayamba kufukula mu 1974. Ndi umodzi mwa midzi yakale kwambiri ya alimi m'chigawo chonsecho, zaka masauzande mizinda isanayambe. Ankalima balere ndi tirigu, kuweta mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, nyumba za njerwa zosawotcha, poyamba ndi miphika yomwe analibe. Kumeneko anapeza ulusi wa thonje utatsalira mkati mwa mkanda wa mkuwa, umodzi mwa maumboni akale kwambiri a thonje padziko. Anapezanso mano 11 a anthu obooledwa ndi kamwala kosongoka eni ake ali moyo, chifukwa m'mphepete mwa mabowomo munaperepeseka ndi kutafuna pambuyo pake. Kuchokera m'midzi yotere anthu anatsikira m'chigwa pang'onopang'ono. Ku Kalibangan ku Rajasthan kuli munda wolimidwa ndi pulawo cha m'ma 2800 BC, mizere yake ikuonekabe, ina yopita uku ina yopingasa, yobzalamo mbewu ziwiri nthawi imodzi.

Nangozo:
Kuboola dzino opanda jakisoni mayo ine. Nde anthu anzeru chonchi anathera kuti? Kavidiyo kena kamati anaphedwa ndi a Aryan

Aphunzitsi Opuma:
Imeneyo ndi nkhani yakale imene inakana kufa. Wheeler mu 1947 anaona mafupa a anthu osakwana 40 amene anapezeka m'misewu ndi m'nyumba za Mohenjo-daro, nkuwalumikiza ndi nyimbo za mu Rigveda, buku lakale kwambiri lachipembedzo la ku India, zonena za mulungu Indra wogumula malinga, basi nkugamula kuti kunabwera adani ochokera kunja, a Aryan mukunenawo. Mu 1964 wofukula wina, George Dales, anaonetsa kuti mafupawo si a nthawi imodzi, ena anakwiriridwa mzinda utayamba kale kutha, ndipo palibe phulusa la mzinda wotenthedwa kapena zida za nkhondo zomwazika. Chimene dothi likuonetsa ndi kufooka kwa pang'onopang'ono. Cha m'ma 1900 BC ngalande zayamba kutsekeka osawoledwa, nyumba zikuluzikulu azidula tizipinda, anthu akumangira njerwa zakale zogumula, ng'anjo zowotchera miphika zalowa pakati pa msewu, zidindo ndi masikelo zasiya kupangidwa, malonda a ku Mesopotamia azilala.

Kamnyamata ka Geo:
Ndipo chifukwa chachikulu chimene ambiri akuloza pano ndi madzi omwe aja. Kuyambira zaka pafupifupi 4,200 zapitazo monsoon inafooka kwa nthawi yaitali, umboni uli m'matope a pansi pa nyanja ndi m'miyala ya m'mapanga. Ghaggar-Hakra amene ankadalira mvula anayamba kuuma, kusefukira kwa chaka ndi chaka kuja kunasiya kudalirika. Mzinda wa anthu 40,000 umafuna zokolola zotsala zambiri, zikachepa anthu amabalalika. Sanafe onse ayi, anasamuka, midzi ing'onoing'ono inachuluka chakummawa kulowera ku Yamuna ndi Ganges komanso ku Gujarat komwe mvula inkagwabe, nkuyamba kudalira kwambiri mpunga ndi mbewu zopirira chilala. Apa mpamene mapira ndi mchewere zija zinagwira ntchito

Wa ku Joni:
Nde a Aryan wo kunalibe? Nanga za ma caste zija zinayamba ndi ndani

Aphunzitsi Opuma:
Analiko, koma anafika mizinda itafooka kale, ndipo osati ngati gulu limodzi la nkhondo. Anali abusa ochokera ku zigwa za udzu za pakati pa Asia, analowa m'magulumagulu kudzera m'mipata ya kumpoto chakumadzulo pakati pa 2000 ndi 1500 BC nkusakanikirana ndi eni dziko. Mu 2019 anatulutsa zotsatira za DNA ya mayi wina wokwiriridwa ku Rakhigarhi nthawi ya mizinda, analibe magazi a anthu a ku zigwa za udzuwo, pomwe anthu ambiri a ku South Asia lero ali nawo pang'ono kapena kwambiri. Rigveda, ya cha m'ma 1500 mpaka 1200 BC, ndi dziko lina ndithu, muli mahatchi, magaleta, kulanda ng'ombe, nsembe zamoto, mafumu a mafuko, koma mizinda ya njerwa mulibe. Pa zidindo za Indus hatchi palibe. Magulu anayi a ma caste mukufunsawo, ansembe, ankhondo, alimi ndi amalonda, ndi otumikira, amatchulidwa m'nyimbo ina ya chakumapeto kwa Rigveda, ndipo anadzalimba pambuyo pake anthu atakhazikika ku Ganges. Nkhani imeneyi ku India ndi ya ndale kwambiri, pali ena safuna kumva zoti chilankhulo cha Sanskrit, chimene chili mu Rigveda, makolo ake anachokera kunja, ndiye mukamawerenga pa intaneti muziona kaye walemba ndani. Mizinda inadzabweranso patapita zaka zoposa 1,000, ulendo uno ku Ganges cha m'ma 600 mpaka 500 BC, ndi chitsulo ndi mpunga, nthawi ya ufumu wa Magadha ndi ya Buddha. Kumeneko a ku Joni mafumu anu muwapeza ambirimbiri.

Kamnyamata ka Geo:
Kummwera nako tisakuiwale, ku mapiri a Deccan. Nthawi yomwe Harappa ili pachimake kumeneko kunalibe mizinda, kunali abusa a ng'ombe amene ankaunjika ndowe m'makola mpaka mulu waukulu nkuutentha, kuunjikanso nkutenthanso, mibadwomibadwo. Milu ya phulusa imeneyo ilipo mpaka pano ku Karnataka monga ku Kupgal ndi Budihal. Nde South Asia sinali nkhani imodzi, Indus njerwa ndi tirigu, Ganges mpunga, Deccan ng'ombe ndi mbewu zazing'ono, aliyense malinga ndi mvula ndi dothi lake

Nangozo:
Chomwe sindikumvetsa, zinthu zazikulu chonchi zinaiwalika bwanji mpaka osatchulidwa ngati Egypt?

Bilida wa pa 25:
Zinakwiririka mayi, ndipo zina zinaphwanyidwa dala. Cha m'ma 1850 pomanga njanji ya Lahore kupita ku Multan makontilakita anapeza chitunda cha Harappa chodzaza njerwa zowotcha kale zaulere, anazigumula nkuziphwanya kuthira pansi pa njanji mtunda wa makilomita pafupifupi 160. Njerwa za zaka 4,000 sitima nkumadutsa pamwamba. Zinali zolimba moti palibe anaganiza kuti nzakale choncho

Aphunzitsi Opuma:
Zoona. Kufukula kwenikweni kunayamba ndi Daya Ram Sahni ku Harappa mu 1921 ndi R. D. Banerji ku Mohenjo-daro mu 1922, ndipo ataona kuti zidindo za malo awiri otalikirana chonchi nzofanana, mkulu wawo John Marshall analengeza ku dziko mu 1924. Pamene India ndi Pakistan ankagawana mu 1947 mizinda iwiri yotchukayo inagwera ku Pakistan, zofukulidwa nazo anagawana, mpaka mikanda ina ya m'khosi anaimasula pa ulusi nkugawana theka theka. Mdala wa ndevu uja ali ku Karachi, kamtsikana ka mkuwa koima dzanja m'chiuno zibangiri mkono wonse kali ku New Delhi. Ndi chifukwa chake India anayamba kusakasaka malo akeake nkufukula Lothal, Kalibangan ndi Dholavira.

Mbuya wa ku Chigwa:
Nanga chigumula cha ku Pakistan chija cha 2022 sichinaugwetse mzindawo?

Kamnyamata ka Geo:
Indus sanafike pa chitunda Mbuya koma mvula yake inagwetsa makoma ena. Kufukula kwakukulu kunaimitsidwa kuyambira cha m'ma 1965 chifukwa chilichonse chimene afukula chimayamba kuwonongeka, ndipo zigawo zapansi penipeni za mzindawo zili m'madzi a pansi pa nthaka, sanazifikebe

Bilida wa pa 25:
Mdani wamkulu kumeneko si mvula koma mchere. Madzi a pansi anakwera chifukwa cha ulimi wothirira wozungulira malowo, njerwa imayamwa chinyezi chamchere kuchokera pansi, dzuwa lija likawomba madzi amauma mchere nkutsala mkati, umatupa nkumafumbutula njerwa kukhala ufa kuyambira m'munsi mwa khoma. Nde osamalira malowo amamata matope pamwamba ndi m'mbali mwa makoma kuti mchere uzidya matopewo m'malo mwa njerwa, akafumbutuka amamatanso ena. Simenti sangaikepo, imatsekera chinyezi mkati khoma nkuwola msanga